Clement Scott, mbusa yemwe adamanga tchalitchi popanda pulani

Pa 10 May 1891, anthu adasonkhana pa mishoni ya Blantyre kudzachitira umboni mwambo wotsegulira nyumba yomwe mtundu wake udali usadaonekepo m'dziko muno. Nyumbayo ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chikadali chiimire patatha zaka zoposa 130, ndipo akhristu a mpingo wa CCAP akupempherabe momwemo.

Chodabwitsa nchakuti yemwe adatsogolera ntchitoyi, Mbusa David Clement Scott, sadapiteko kusukulu ya zomangamanga. Amuna omwe adaumba ndi kuyala njerwa nawo adali asadamangepo nyumba yotere. Pulani yojambula bwino papepala padalibenso.

Nanga chidaima bwanji? Mbali ina ya yankho ili pa kanthu komwe aliyense wa pa Chitakale, pa Nkando kapena pa Limbuli amakaona tsiku ndi tsiku: njerwa. Njerwa zambiri za tchalitchichi nzotalika mainchesi 12, mulifupi mainchesi 6, ndipo kuchindikala kwake ndi mainchesi 3. Muyezo umenewu ukukhudza funso lomwe limazunguza ana ambiri a kupulaimale pa phunziro la masamu, loti kodi sikweya ndi rekitango zimasiyana pati.

Adapeza mishoni itaipa mbiri

Scott adabadwa m'chaka cha 1853 mumzinda wa Edinburgh ku Scotland. Adaphunzira pa yunivesite ya mumzindawo ndipo adakhoza bwino maphunziro a zaubusa. Mpingo wa Church of Scotland udamutumiza kuno mu 1881, ali ndi zaka 28, pamodzi ndi mkazi wake Isobel, yemwe anthu ankamutchula kuti Bella.

Ntchito yomwe adapatsidwa idali yolemera. Mishoni ya Blantyre idayamba mu October 1876 pamalo omwe Henry Henderson adasankha mothandizana ndi Tom Bokwito, m'dera la mfumu Kapeni. Koma pasadathe zaka zambiri, azungu ena a pamishonipo adayamba kudzitenga ngati boma. Ankaweruza milandu okha ndi kukwapula anthu. Munthu wina adafa atakwapulidwa, ndipo wina adawomberedwa ndi mfuti atamuweruza kuti adapha munthu.

Nkhaniyi idatulukira ku Britain mu 1880 pomwe mlendo wina, Andrew Chirnside, adaisindikiza m'kabuku. Mpingo udatumiza anthu odzafufuza, ndipo zotsatira zake mkulu wa mishoni, Mbusa Duff Macdonald, adaitanidwa kwawo pomwe John Buchanan ndi George Fenwick adachotsedwa ntchito.

Choncho Scott adafika pamalo pomwe anthu a m'midzi adali ndi zifukwa zomveka zoopera mzungu wa mishoni. Iye adayamba ndi kuphunzira Chimang'anja. Ankakhala pabwalo ndi mafumu kumvetsera momwe amazengera milandu, ndipo pakabuka kusamvana pakati pa mishoni ndi mudzi, ankalola kuti nkhaniyo ikambidwe motsata mwambo wa eni dziko.

Mu 1884 iye ndi mkazi wake adayenda ulendo wautali kukaonana ndi Chikusi, mfumu ya Angoni. Chaka chomwecho asilikali a Chingoni adawoloka Shire nkuthira nkhondo midzi ya kumapiri kuno, koma mishoni sadaikhudze, ndipo anthu ambiri adapulumukira pamenepo.

Njerwa imodzi, masikweya awiri

Ntchito yomanga tchalitchi idayamba mu 1888. Dothi lidakumbidwa pafupi pomwepo, njerwa zidaumbidwa m'zikombole nkuotchedwa mu uvuni wa nkhuni. Akatswiri omwe adaunika nyumbayi amati muli mitundu ya njerwa yokwana pafupifupi 81, zina zokhota, zina zosongoka, zina zokongoletsera zipilala ndi mazenera. Koma njerwa yomwe idasenza ntchito yaikulu ndi ija ya 12, 6 ndi 3, yomwe m'masentimita ndi pafupifupi 30, 15 ndi 7.5.

Apa mpofunika kumvetsa kaye zinthu ziwiri zija. Rekitango ndi chinthu cha mbali zinayi ndi makona anayi, ndipo kona iliyonse ndi ya madigiri 90, ngati kona ya buku kapena ya chitseko. Mbali zoyang'anizana zimakhala zofanana kutalika. Sikweya nayo ili ndi zonsezi, koma ili ndi lamulo limodzi loonjezera: mbali zake zonse zinayi nzofanana.

Nchifukwa chake aphunzitsi amati sikweya iliyonse ndi rekitango, koma si rekitango iliyonse yomwe ili sikweya. Zili ngati kunena kuti chambo chilichonse ndi nsomba, koma si nsomba iliyonse yomwe ili chambo.

Ana akamasokonezeka pamenepa asamanyozedwe, pakuti ngakhale akatswiri akale sadaziike chimodzimodzi. Euclid, katswiri wa masamu yemwe ankaphunzitsa ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka pafupifupi 300 Yesu asadabadwe, adaika ziwirizi m'magulu osiyana m'buku lake lotchedwa Elements. Kwa iye, chinthu cha makona a madigiri 90 chomwe mbali zake nzosiyana chidali ndi dzina lakelake, losiyana ndi la sikweya. Masamu a masiku ano ndiwo adasankha kuika sikweya m'banja la marekitango, kaamba koti chilichonse chomwe chili choona pa rekitango nchoonanso pa sikweya.

Kwa mmisiri, kusiyanaku kumaonekera m'manja. Njerwa ya sikweya akaitembenuza kuti mbali ina iyang'ane kutsogolo, palibe chasintha, pakuti mbali zonse nzofanana. Koma njerwa ya rekitango ili ndi miyezo iwiri. Akaigoneka motsata khoma ipereka mainchesi 12, akaigoneka mopingasa ionetsa mainchesi 6.

Njerwa ya pa St Michael ili ndi chinsinsi china. Kutalika kwake ndi mulifupi kawiri, kutanthauza kuti pamwamba pake pali masikweya awiri a 6 ndi 6 ogundizana. Njerwa ziwiri zikagona moyandikana zimapanga sikweya yaikulu ya 12 ndi 12. Pamwamba pa sikweya imeneyi mmisiri atha kuika njerwa mopingasa, ndipo njerwa imodzi yapamwambayo imagwira ziwiri zapansi nthawi imodzi.

Umu ndi momwe makoma a tchalitchichi adayalidwira. Mzere umodzi njerwa zidagona motsata khoma, mzere wotsatira zidagona mopingasa, kenaka motsata khoma, kenaka mopingasanso, mpaka pamwamba. Kayalidwe kameneka amakatcha English bond. Njerwa zopingasa zimamanga mbali ya kunja ya khoma ndi ya mkati kuti zisalekane, ndipo malumikiziro a mzere wina sagwera pamwamba pa malumikiziro a mzere unzake. Malumikiziro akangoondokana kuchoka pansi kufika pamwamba, khoma limakhala ndi njira yong'ambikira.

Njerwa za sikweya zokhazokha sizingachite zimenezi pa khoma lochindikala. Pakadafunika kudula zina pakati kapena kuumba zina zazikulu kuti zilumikize mbali ziwirizo.

Nzeru imeneyi sadaiyambe ndi Scott. Anthu a mumzinda wakale wa Mohenjo-daro, m'dziko lomwe lero ndi Pakistan, ankaumba njerwa za kagawidwe komweka zaka zoposa 4,000 zapitazo: mulifupi kuposa kuchindikala kawiri, kutalika kuposa mulifupi kawiri. Mmisiri wa ku Chisitu kapena ku Muloza akamamanga khoma lomwe amati la naini inchi, akutsata lamulo lomwelo, ngakhale njerwa zake nzocheperako. Chikombole chikalakwika, njerwa nkutuluka zazifupi, mmisiri amakakamizika kudzaza mipata ndi dothi kapena simenti yambiri, ndipo khomalo limafooka.

Popeza padalibe pulani, Scott ndi amisiri ake ankayamba ayala njerwa zouma, popanda dothi lomatira, kuti aone ngati chomwe akufuna chikhala. Zikakhala bwino ankaphwasula nkumanga zenizeni. Zikakanika ankasintha kayalidwe kapena kusema chikombole china. Umu ndi momwe amuna omwe adazolowera kumanga nyumba za mitengo ndi udzu adaphunzirira kumanga nsanja ziwiri, zipilala ndi makomo okhota pamwamba ngati uta.

Nyumba yaitali, osati ya sikweya

Tchalitchichi nchotalika pafupifupi mamita 32, mulifupi mwake mamita 9, ndipo msonga ya denga ili pa mamita 11 kuchokera pansi. Thunthu lake ndi rekitango yaitali, yokhala ndi timapiko tiwiri tatifupi m'mbali, kotero kuti munthu woyang'ana kuchokera kumwamba angaone mtanda.

Munthu wodziwa masamu atha kufunsa chifukwa chomwe sadamangire sikweya, pakuti sikweya ndiyo imapereka malo aakulu mkati pa khoma lofanana. Chitsanzo nachi. Banja lili ndi njerwa zokwanira khoma la mamita 40 kuzungulira. Likamanga sikweya ya mamita 10 mbali zonse, mkati mukhala masikweya mita 100. Likamanga rekitango ya 12 ndi 8, khoma ndi lomwelo la mamita 40, koma mkati mukhala 96. Likamanga ya 15 ndi 5, mkati mungotsala 75. Njerwa nzofanana, koma malo akucheperachepera pomwe nyumba ikutalika.

Zikadakhala choncho pa St Michael, khoma lomwe lidazungulira rekitango ya 32 ndi 9, ya masikweya mita 288, likadatha kuzungulira sikweya ya mamita 20 ndi theka mbali zonse, ya masikweya mita 420.

Koma nyumba si khoma lokha. Denga liyenera kudutsa kuchoka pa khoma lina kufika pa linzake, ndipo mtunda umenewu ukakula pamafunika mitengo yaitali ndi yolimba kwambiri. Kufolera mamita 9 nkosavuta poyerekeza ndi kufolera mamita 20. Rekitango imalola womanga kutalikitsa nyumba momwe angafunire popanda kukulitsa mtunda womwe denga lidutse. Mkati mwa St Michael muli mizere ya zipilala za njerwa yomwe imagawanso mamita 9 aja kuti katundu wa denga asalemere malo amodzi. Nchifukwa chomwechi midadada ya makalasi, mashedi a pamsika ndi nyumba zambiri za malata zimakhala zazitali osati za sikweya.

Komabe sikweya ili ndi ntchito yake yomwe rekitango yaitali singaithe. Pomwe thunthu la tchalitchi likukumana ndi timapiko tija pali denga lozungulira, looneka ngati mphika wovundikira. Chinthu chozungulira chimakhala bwino pa sikweya chifukwa chimakhudza mbali zonse zinayi mofanana. Chikaikidwa pa rekitango yaitali chimakhudza mbali ziwiri zokha, mbali zinazo nkutsala patali. Aliyense atha kuyesa izi poika mbale pa mpango wa sikweya, kenaka pa chitenje.

Ziwirizi zimadalira chinthu chimodzi, chomwe ndi kona ya madigiri 90. Kona ikapotoka pa maziko, nyumba imaoneka ngati rekitango koma sili, ndipo vuto limadzaonekera pofolera. Malata, mafelemu, magalasi ndi matailosi zonse zimachoka kufakitale zili ndi makona oongoka, ndipo sizikhala pa nyumba yopendekeka popanda kudula.

Amisiri ali ndi njira ziwiri zakalekale zopewera izi. Yoyamba ndi ya 3, 4, 5. Kuchokera pa chikhomo cha pakona amayeza mamita 3 motsata chingwe china ndi mamita 4 motsata chinzake. Mtunda wa pakati pa malo awiriwo ukakwana mamita 5 ndendende, konayo ili bwino. Yachiwiri ndi kukoka tepi kuchoka pa kona ina kufika pa kona yoyang'anizana nayo modutsa pakati pa nyumba, kenaka nkuchita chimodzimodzi ndi makona awiri otsalawo. Ngati mbali zoyang'anizana zili zofanana ndipo miyezo iwiriyi yafanananso, nyumbayo ndi rekitango yeniyeni. Pa sikweya pamakhala chizindikiro choonjezera, pakuti zingwe ziwiri zodutsa pakatizo zimapingasana pa madigiri 90.

Maliro pakati pa ntchito

Makoma akukwera, imfa sidaleke kuyendera mishoni. Mu November 1890 adamwalira Mbusa Robert Cleland, mnyamata yemwe adatumidwa kukayamba ntchito ya mishoni ku Mulanje, kudera la mfumu Chikumbu. Kumayambiriro kwa 1891 matenda a pakhosi otchedwa diphtheria adagwira mwana wa Henry Henderson. Dokotala John Bowie, yemwe adali mlamu wake wa Scott, adayesetsa kupulumutsa mwanayo koma naye adatenga matendawo. Mwanayo, mayi ake, ndi dokotalayo onse adamwalira. Henderson naye adatsikira kulichete ku Quelimane ali paulendo wobwerera kwawo. Sukulu ya HHI, yomwe ili pafupi ndi tchalitchichi, imatchedwa dzina lake.

Choncho mwambo wa pa 10 May 1891 udachitika misozi isadaume. Mwezi womwewo boma la Britain lidalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake. Chaka chomwechonso mzungu wina, Henry Brown, adatenga mbewu ya tiyi kuchokera ku mitengo ya m'munda wa mishoni ya Blantyre nkukadzala ku Mulanje, ndipo apa mpomwe padayambira ulimi womwe udasintha nkhope ya bomali.

Mu 1892 Scott adatulutsa buku lake lalikulu, A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. Bukuli silidangomasulira mawu. Lidafotokoza miyambo, miyambi, masewera, zida ndi ntchito za anthu, moti mpaka lero ofufuza za chiyankhulo chathu amaligwiritsabe ntchito. Alexander Hetherwick adalikonzanso nkulitulutsa mu 1929.

Mutu umodzi susenza denga

Zomwe Scott adaona pomanga tchalitchi zidagwirizana ndi zomwe ankakhulupirira kale, zoti munthu wakuda akapatsidwa mpata atha kugwira ntchito iliyonse. Adaumirira kuti azungu ndi anthu akuda azipemphera m'tchalitchi chimodzi ndi kudya mgonero pagome limodzi, zomwe azungu ena a m'tauni sadakondwere nazo.

Mu 1893 adadzoza Joseph Bismarck, Rondau Kaferanjila ndi Donald Malota kukhala madikoni. Chaka chotsatira adapatula ena asanu ndi awiri, ndipo mwa iwo mudali Harry Kambwiri Matecheta, Mungo Murray Chisuse ndi John Gray Kufa. Ankakumana nawo kawirikawiri, kuwaphunzitsa ndi kuwapatsa mphamvu zoweruza nkhani za mumpingo. Chisuse adadzakhala katswiri wosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi. Kufa adaphunzira zachipatala ndipo adatumizidwa kukagwira ntchito pakati pa Alomwe ku Mozambique. Matecheta adapita kukalalikira pakati pa Angoni ku Ntcheu.

Scott sadaope kudzudzula boma latsopano. M'magazini ya mishoni yotchedwa Life and Work in British Central Africa, iye ndi Hetherwick ankatsutsa msonkho wokwera womwe Harry Johnston adakhazikitsa, nkhondo zothira mafumu okana msonkho, komanso kupereka malo aakulu kwa azungu a minda. Adatsutsanso maganizo oti dziko lino liperekedwe m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes ngati momwe zidakhalira ku Rhodesia. Iye ankati mfundo ya mishoni kuyambira pachiyambi idali yoti Africa ndi wa anthu a mu Africa.

Izi zidamupezera adani kuboma, kuminda ngakhale mumpingo momwe. Ena ankamunena kuti akupereka ulamuliro wochuluka kwa anthu akuda. Ena ankati mapemphero ake, okhala ndi kwaya yovala mikanjo, akufanana kwambiri ndi a mipingo ina. Enanso ankadandaula za kayendetsedwe ka ndalama.

Chaka cha 1895 chidamupweteka koposa. Mkazi wake Bella adamwalira, ndipo mng'ono wake, Dokotala William Affleck Scott, yemwe ankagwira naye ntchito pamishonipo, adamwaliranso. Mu 1897 mpingo udatumiza gulu lodzafufuza madandaulo aja. Milandu ikuluikulu sidamugwire, koma thupi ndi mtima zidali zitatopa. Adachoka ku Blantyre mu 1898, ndipo Hetherwick ndiye adalowa m'malo mwake.

Atachoka, mphamvu zomwe madikoni aja adali nazo zidachepetsedwa. Padatenga mpaka 1911 kuti mishoniyi idzoze abusa oyamba akuda, Matecheta ndi Stephen Kundecha. Kufa adaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1915 kaamba kokhudzidwa ndi kuukira kwa John Chilembwe.

Masiku omaliza ku Kenya

Mu 1901 mpingo udatumiza Scott kukatsogolera mishoni ya Kikuyu ku Kenya. Kumeneko mbiri yake ili ndi banga. Munthu yemwe ankadzudzula kulanda malo ku Nyasaland adatengera mishoni malo okwana maekala 3,000 m'dziko la Akikuyu, ncholinga choti ulimi uzipezera mishoniyo ndalama. Ulimiwo sudayende monga ankayembekezera ndipo udasiya ngongole.

Scott adamwalira ku Kikuyu mu October 1907 ali ndi zaka 54. Patatha zaka ziwiri, pamishoni yomweyo padafika mnyamata wofuna sukulu yemwe adadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Kenya, Jomo Kenyatta.

Zomwe zidatsala

Lero St Michael and All Angels ndi chimodzi mwa zinthu zakale zomwe boma limateteza, ndipo chili pa likulu la Sinodi ya Blantyre. Mishoni ya Mulanje, yomwe Cleland adaiyamba m'masiku a Scott, idakula nkukhala ndi chipatala ndi sukulu zomwe zikutumikira anthu a m'bomali. Chomvetsa chisoni nchakuti anthu ambiri amadziwa dzina la mbusayu lokha, pomwe amuna omwe adaponda dothi, kusema zikombole ndi kuyala njerwa satchulidwa kawirikawiri.

Kamangidwe kasintha. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo ambiri atembenukira ku mabuloko a simenti. Koma buloko nayo ndi rekitango, ndipo imafunabe kuti malumikiziro asaondokane komanso kona ikhale ya madigiri 90. Kwa mabanja a ku Mulanje ndi Phalombe omwe akhala akumanganso nyumba chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, kuyendera maziko ndi tepi mmisiri asadayale mzere woyamba kutha kupulumutsa ndalama za malata ndi simenti.

Masamu omwewa amagwiranso ntchito pa munda, makamaka m'boma ngati la Mulanje komwe minda ya tiyi idatenga malo ambiri ndipo anthu amagawana timinda tating'ono. Alimi amadziwa kuti munda wa mayadi 70 mbali zonse ndi pafupifupi ekala imodzi. Kuuzungulira ndi mayadi 280, ndipo mkati mwake muli masikweya yadi 4,900. Munda wa mayadi 100 mulitali ndi 40 mulifupi nawo ndi mayadi 280 kuzungulira, koma mkati mwake muli 4,000 basi. Munthu wogula kapena kubwereka munda pongoyenda m'malire nkuwerenga mapazi atha kulipira ekala yathunthu pomwe walandira malo operewera ndi masikweya yadi 900. Njira yoyenera ndi kuyeza mulitali ndi mulifupi padera nkuchulukitsa.

Makolo omwe angapite ku Blantyre ndi ana awo atha kupatukira pamishonipo nkuwaonetsa khoma la tchalitchichi. Mzere wina adzaona njerwa zazitali, mzere wapamwamba pake zazifupi. Zonsezo ndi njerwa za muyezo umodzi, kungoti zina zidagona motsata khoma ndipo zina mopingasa.